Mphindi zitatu zija n'za yani?

Pali lamulo lina limene anthu ambiri okwera ndege salidziwa, chonsecho moyo wawo wakolekedwa pa ilo ngati jekete pa msomali. Bungwe la ICAO, limene linabadwa ndi pangano la ku Chicago la mu 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal, linalemba m'malamulo a mabwalo a ndege, gawo lotchedwa Annex 14, kuti kunja kukamaoneka bwino ndipo pansi pali pabwino, ozimitsa moto a pabwalo azifika paliponse pa msewu wothamangapo ndege pasanathe mphindi zitatu. Limalangizanso kuti bwalo lizilinga pa mphindi ziwiri. Kufika kwake si kungotulukira patali sayilini ili pakamwa ayi. Galimoto yoyamba ikhale itaima pamalo, yokonzeka kulavula thovu losachepera theka la mlingo umene bwalolo liyenera kutulutsa.

Nambala imeneyi sanaitole m'tchire. Ndege imasenza mafuta ake m'mapiko ndi kunsi kwa mimba, ndipo mafutawo akatayika n'kuyaka, khungu la aluminiyamu limene limakulekanitsani ndi motowo silichedwa kubooka, poti analipangira kuuluka osati kupirira ng'anjo. Mpando umene mwakhalira, kapeti, mapulasitiki a m'mbali, zonsezi zikayamba kunyeka zimatulutsa utsi wogwetsa munthu asanaone n'komwe lawi. N'chifukwa chake opanga ndege zikuluzikulu amayenera kuonetsa poyera kuti anthu onse angathe kutuluka m'masekondi 90, theka la makomo lili chitsekere. Tsono ozimitsa moto sathamangira kukapulumutsa ndegeyo. Ndege ndi ya kampani, ili ndi inshuwalansi yake. Iwo amathamangira kukatchinga moto kuti potulukira pakhale potseguka mpaka munthu womaliza atalumpha.

Chimene chimandisautsa ine m'lamuloli ndi kachigawo kamodzi kokha: wotchi imayamba kuwerenga pamene ozimitsa moto aitanidwa, osati pamene moto wayamba. Pakati pa kuthetheka koyamba ndi kulira kwa belu pali nthawi ina yamasiye, yopanda mwini ndi yopanda woiwerenga. Munthu wina waona kautsi, kapena wamva kafungo, kapena nyale yofiira yamuyakira pamaso, ndipo akudzifunsa mumtima kuti kodi ndinene, kapena ndiyambe ndaona kaye? Funso langa kwa inu owerenga ndi lakuti nthawi imeneyo n'ja yani, ndipo ikatayika mlandu ugwere ndani? Paja chizolowezi chathu pakagwa ngozi ndi kuloza chala amene wafika pomaliza. Iyeyo ndiye amaoneka pa chithunzi m'nyuzipepala, chisoti chili kumutu, paipi ili m'manja, phulusa lili patsogolo pake.

Tiyeni tipite ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, usiku wa pa 19 Ogasiti 1980. Ndege ya kampani ya Saudia, ulendo nambala 163, ya mtundu wa Lockheed TriStar, inali itachokera ku Karachi ndipo inanyamuka ku Riyadh kulowera ku Jeddah ndi anthu 301, okwera 287 ndi antchito 14. Ambiri mwa iwo anali paulendo wachipembedzo wopita ku Mecca. Patatha mphindi pafupifupi 7 ili m'mwamba, chenjezo linalira kutsogolo kuti m'chipinda cha katundu cha kumbuyo muli utsi. Amuna atatu oyendetsa ndegeyo anatha mphindi zoposa zinayi akutsimikiza ngati chenjezolo linali loona, akuvundukula mabuku kufuna tsamba lonena zoyenera kuchita. Kenaka kaputeni anaitembenuza kubwerera ku Riyadh. Kachipangizo kojambula mawu kanasunga zokambirana zawo, ndipo m'menemo injiniya wa m'ndegeyo akumveka akubwereza kuti palibe vuto, pamene kumbuyoko utsi unali utalowa kale pakati pa anthu ndipo antchito anali kalikiliki kuwakhazika pansi.

Chodabwitsa n'chakuti anatera bwinobwino. Ndege inafika pansi yathunthu, matayala onse ali m'malo, ndipo magalimoto ozimitsa moto anali atatuluka kale akuidikira. Iwo ankayembekeza kuti kaputeni aponda mabuleki mwamphamvu n'kuima msanga pomwepo. Iye sanatero. Anaileka ndege kuyenda mpaka kumapeto kwa msewu, n'kukhotera pambali monga achitira tsiku lina lililonse, ndipo inaima patatha mphindi 2 ndi masekondi 40 chiterereni. Magalimoto aja anachita kuithamangira pambuyo. Itaima, mainjini anapitirira kulira kwa mphindi zina 3 ndi masekondi 15, ndipo munthu sayandikira khomo la ndege injini ikukoka mpweya. Mainjini atazima, makomo anakhalabe chitsekere. Anthu a pansi aja anali asanaphunzitsidwe mokwanira katsekulidwe ka makomo a ndege ya mtundu umenewo, kotero panapita mphindi zinanso 23 asanatsekule khomo limodzi. M'katimo munali zii. Onse 301 anali atafa ndi utsi, ndege ili chiimire pabwalo, magalimoto ofiira ataizinga.

Tawerengani nokha mphindizo. Zinayi zotsimikiza, ziwiri ndi theka zoyenda pang'onopang'ono, zitatu za mainjini, 23 za pakhomo. Palibepo ngakhale imodzi imene inatayika chifukwa galimoto inanyamuka mochedwa ku siteshoni. Zina zinatayikira m'kamwa mwa anthu amene anazengereza kunena, zina m'kalasi imene sinachitike, ya katsekulidwe ka chitseko. Ndipo ine sindikhulupirira kuti amenewa anali anthu oipa mtima. Kaputeni anafera momwemo pamodzi ndi anzake. Chimene ndikuonapo ndi nthenda imene tonsefe timaidziwa bwino, yoopa kuchita phokoso pachabe. Kulamula anthu 300 kuti atsetserekere pansi usiku si nkhani yamasewera. Ena athyoka miyendo, ndege ikhala masiku osauluka, mabwana afunsa mafunso, ndipo zikapezeka kuti kanali kautsi chabe, dzina lako lisanduka nthabwala ya pa tiyi. Kudikira kulibe manyazi otere. Munthu wodikira amaoneka wokhwima, wodziwa ntchito, wosatengeka ndi mantha a ana.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo amene anasakako mbewa akudziwa kuti chimaipha ndi utsi womwewo wofukizira kuunako. Mwambiwu timaunena mwana akamachita manyazi ndi nsima kwa eni, koma kulemera kwake kumaposa pamenepo. Vuto n'lakuti akuluakulu omwewo anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga timvere uti? Ine ndimati zonse ndi nzeru, koma iliyonse ili ndi nyengo yake, ndipo chozisiyanitsa ndi chinthu chimene ukudikiracho. Nkhono siikula ukamaidikira. Ikatulutsa maso mawa ndi nkhono yomweyo. Moto umakula. Amene wadekha pamaso pa moto si kuti sanachite kanthu ayi, wasankha, ndipo wasankhira anthu ena amene sanafunsidwe.

Kumudzi nkhani iyi anaithetsa kalekale ndi mkuwo. Munthu akakuwa usiku kuti "Moto! Moto kuno!" palibe amene amayamba wafunsa kuti wakuwayo ndi mwana wa yani, kaya ndi mwinimbumba kaya mkamwini wobwera dzulo. Aliyense amatuluka, wina ndi ndowa, wina ndi nthambi yaiwisi, wina chimanjamanja. Zikapezeka kuti zinali zinyalala chabe zikunyeka kuseri kwa nkhokwe, anthu amaseka, amang'ung'udza pang'ono, basi n'kubwerera kukagona. Mudzi wanzeru sulipiritsa wokuwa molakwika, poti umadziwa kuti ukamutengera nkhuku lero, mawa adzangoyang'ana nkhokwe ikupsa. Ndi m'maofesi m'mene tinaphunzirira kuti mkuwo nawo uli ndi maudindo, kuti mesenjala auze kalaliki, kalaliki auze supavaiza, supavaiza alembe kakalata kwa bwana, ndipo bwanayo ali ku msonkhano, mubwere mawa.

Anthu a zandege anaiphunzira nzeru ya kumudziyi ndi maliro. Itachitika ngozi ya ku Tenerife mu 1977, pamene ndege ziwiri zinawombana pa msewu mu nkhungu n'kupha anthu 583, ndi zina zonga ya ku Riyadh ija, makampani anayamba kuphunzitsa oyendetsa ndege kuti wamng'ono akaona choopsa ayenera kutsutsa kaputeni momveka, ndipo kaputeni ayenera kumvetsera. Si ufulu chabe umene wamng'onoyo angausiye akafuna, ndi udindo. Pansi napo dongosolo ndi lomwelo. Pa nsanja ya owongolera ndege pamakhala batani la belu ndi lamya yolunjika ku siteshoni ya ozimitsa moto, ndipo amene waona utsi amadina osapempha chilolezo kwa munthu. Ndege ikanena ili m'mwamba kuti ili ndi kavuto, ozimitsa moto amakhala chire. Ikanena kuti vutolo ndi lalikulu, amatuluka kukandanda m'mbali mwa msewu. Nthawi zambiri ndegeyo imatera bwino, iwo n'kubwerera osathira ndi dontho lomwe. Ulendo wotere sauwerenga ngati wotayika. Dongosolo lonse lagona pa kuvomereza kuti kudzutsidwa pachabe ndi mtengo umene tiyenera kulipira mosanyinyirika, kuti wokuwa asadzaope kukuwa.

Komatu mkuwo pawokha sukwana, ndipo umboni wake uli ku Manchester, ku England. M'mawa wa pa 22 Ogasiti 1985, ndege ya British Airtours, Boeing 737, inali kuthamanga pa msewu kuti inyamuke kupita ku chilumba cha Corfu ndi anthu 137. Mu injini ya kumanzere munaphulika, ndipo chidutswa china chinaboola thanki ya mafuta m'phiko. Oyendetsa anamva kugunda nayesa kuti tayala laphulika. Anasiya zonyamuka nakhotera kumanja kuchoka pa msewu, osadziwa kuti potero aimika ndege pamene mphepo izikankhira malawi ku thupi lake. Ozimitsa moto sanadikire belu. Anamva kuphulikako ali ku siteshoni kwawo, anaona utsi, nakwera magalimoto, ndipo yoyamba inafika pasanathe theka la mphindi ndege itaima. Kunena za liwiro, apa panalibenso chowonjezera. Komabe anthu 55 anafa, ambiri a iwo ndi utsi, atapanikizana m'kanjira kopapatiza ndi pa kakhomo ka pamwamba pa phiko. Tinyale timene mumationa pansi m'kanjira ka ndege lero, ndi mpata wokulirapo pa mipando ya pakhomo la paphiko, zina mwa izo zinalimbikitsidwa ndi maliro amenewa.

Muli kanthu kena m'lipoti la ngoziyo kamene sikandichoka m'mutu. Madzi a m'magalimoto atayamba kuchepa, galimoto ina inapita kukatunga ku mipopi ya pabwalo n'kupeza ili gwa, youma. Pabwalopo panali ntchito yokonza mapaipi, ndipo mavavu ena anali atatsekedwa ozimitsa moto osadziwa. Mwina madziwo sakanasintha chiwerengero cha maliro, poti utsi umagwira ntchito yake m'mphindi zoyambirira. Koma taganizirani za dzanja limene linatseka vavu. Linatseka tsiku la mtendere, kulibe moto kulikonse, ndege zikutera ndi kunyamuka monga mwa masiku onse. Panalibe chofulumira, ndiye uthenga sunayende. Apa ndi pamene ndimaona kuti mphindi za tsiku la ngozi zimadyedwa masiku a mtendere, ndipo odyawo ndi anthu amene sadzaoneka pa chithunzi chija, wosaina mochedwa pepala logulira matayala, woimitsa maphunziro poti ndalama zapita ku zina, wotseka vavu osanena.

Izi si za kutsidya kwa nyanja kokha. Mu Januwale 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Chileka, oyang'anira zandege a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalolo unali woonongeka ndiponso kuti galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zodalirika. Ambiri tinaitenga ngati nkhani ya manyazi a dziko, ena ngati ya matikiti ndi malonda. Ine maganizo anga anapita kwa munthu wovala yunifolomu, amene lamulo limamuwerengera mphindi zitatu koma sasainira cheke chokonzetsera galimoto. Tsiku loipa likanafika, chala chathu chikanaloza iyeyo.

Ndikudziwa kuti wina wa inu wayamba kale kundiyankha. Akuti, iwe wandakatulo, ukulirira chiyani anthu a mataye? Okwera ndege ndi angati kuno? Msika ukapsa m'tauni mavenda amalimbana nawo ndi ndowa ndi mchenga, galimoto ya khonsolo n'kufika denga litagwa kale. Nanga bwanji wa tikiti ya ndege alonjezedwe mphindi zitatu pamene mayi wogulitsa kaunjika salonjezedwa kanthu? Funso ili ndi lolemera ndipo sindilinyoza. Ndiliwonjezere ndekha mphamvu. Mabwalo a ndege amaikidwa m'magulu kuyambira 1 mpaka 10 malinga ndi kutalika ndi kunenepa kwa ndege zoterapo, ndipo gulu lililonse lili ndi mlingo wake wa madzi, thovu ndi magalimoto oyenera kukhala chire. Galimoto ikachoka kukathandiza kunja kwa mpanda, chitetezo cha bwalo chimatsika, ndipo ndege zina sizingatere. Ndiye inde, zimatheka anthu odziwa moto kukhala pansi kudikira ngozi imene kulibe, utsi weniweni ukufuka kuseri kwa waya.

Yankho langa ndi lakuti chosalungama si mphindi zitatu za wokwera ndege. Chosalungama n'chakuti mayi uja alibe nambala ina iliyonse imene angaigwire m'manja. Pamene pali nambala pali poyambira mlandu. A ku South Africa anatha kunena kuti apa simunakwanitse chifukwa panali cholembedwa choyezera. Mayi wa kaunjika akadandaula amamuyankha kuti "mayi, tinayesetsa," ndipo kuyesetsa kulibe wotchi. Tikachotsa mphindi zitatu za pabwalo, mayiyo sapindula kanthu. Angopeza anzake ochuluka m'gulu la osalonjezedwa. Chofunika kwa iye ndi chakuti khonsolo nayo ilembe poyera kuti ku msika wakuti tizifika m'mphindi zakuti, ngakhale zitakhala 15 kapena 20, kuti tsiku lolephera lidziwike kuti ndi tsiku lolephera.

Koma ndisakunamizeni kuti nambala ndi mpulumutsi. Ikasanduka fano, nayo imafuna nsembe. Pa 18 Novembala 2022, pa bwalo la Jorge Chávez ku Lima, m'dziko la Peru, ozimitsa moto anali pa mayeso. Bwalolo linali litamanga siteshoni yatsopano, ndipo ankafuna kutsimikiza kuti kuchokera kumeneko angafike pa msewu wa ndege m'mphindi zitatu zija. Moto kunalibe, wopikisana naye anali wotchi. Galimoto yotsogola inalowa mu msewu pa liwiro pamene ndege ya LATAM, Airbus A320neo, yopita ku Juliaca ndi anthu 108, inali pakati pothamanga kuti inyamuke. Zinawombana, ndipo mbali ya kumanja ya ndege inayaka. Onse a m'ndegemo anapulumuka, koma ozimitsa moto awiri anafera pomwepo ndipo wachitatu anamwalira patapita miyezi. Ofufuza anapeza kuti galimotoyo inalowa popanda chilolezo cha a pa nsanja, kuti mbali zokhudzidwa sizinakonzere pamodzi mayesowo mokwanira, ndiponso kuti owongolera ndege amene anali pa ntchito sanafotokozeredwe bwino zimene zimati zichitike.

Taonani, apanso chinasowa ndi mawu, liwiro linalipo lambiri. Ku Riyadh anthu anafa poti amene anayenera kufulumira anadekha. Ku Lima anafa poti amene anafulumira ndi amene anayenera kuwamva sanamvane. Ndipo ku San Francisco mu Julayi 2013, ndege ya Asiana itagwa potera, mtsikana wa zaka 16 amene anali chigonere pansi pafupi ndi phiko, thovu litamukwirira, anapondedwa ndi galimoto yozimitsa moto. Ena mwa ozimitsa motowo anali atamuona poyamba namuyesa wakufa. Kuthamanga si kufika, anatero akale, ndipo pano mwambiwo si wokometsera nkhani.

Ndiye tikumufunsa zinthu ziwiri zotsutsana munthu ameneyu. Tikuti belu likalira usaganize, lumpha, valira m'galimoto, ponda moto. Tikutinso ukafika pa mzere wa msewu wa ndege ima, funsa pa wailesi, dikira yankho, ngakhale wotchi ikukudya. Zimatheka bwanji zonsezi mwa munthu mmodzi? Zimatheka ndi kubwereza. Amayeserera mpaka manja ndi miyendo zizidziwa zokha chochita, kuti mutu utsale womasuka kuona chimene sichinali m'mayeso, ndege imene ikubwera kumanzere, thupi limene lili mu udzu. Munthu wosayeserera amathera nzeru zake zonse pa kufuna buti ya kumanja.

Apa ndafika pa chimene ndimachilemekeza koposa, chimene sichilowa m'nyuzipepala poti chilibe chithunzi. Wozimitsa moto wa pabwalo angathe kugwira ntchito zaka 30 mpaka kupuma osaonapo ndege ikuyaka. Tsiku ndi tsiku ndi zomwezo, kuyesa belu, kuliza injini, kuona madzi ndi thovu, kuvala ndi kuvula zovala zolemera padzuwa, kuloweza pamene pali makomo ndi mathanki a ndege imene mwina sadzaikwera moyo wake wonse. Odutsa amamuona atakhala pamthunzi n'kumati onani kumene ikupita misonkho yathu. Mlimi amaona nkhokwe ikudzaza, mphunzitsi amaona mwana atakhoza, ngakhale ife a zolembalemba timaona dzina lathu pa pepala n'kudzitonthoza poti malipiro ake ndi a sopo. Iye zokolola zake ndi chinthu chimene sichinachitike. Chiyeso chake chachikulu si mantha ayi, ndi kunyong'onyeka. Chaka cha 12 chopanda ngozi, Lachiwiri lotentha, bwana kulibe, ndani angadziwe ukapanda kuyesa belu lero? Palibe. Amene amaliyesabe tsiku limenelo ndiye amene ndingamutche munthu wolungama, kuposa ambiri amene timawaimbira nyimbo, chifukwa akusunga pangano ndi anthu amene sakuwadziwa, amene mwina sanagule n'komwe tikiti yawo.

Latsala gulu limodzi la odya mphindi, ndipo gululo ndi ife okhala pa mipando. Pa 3 Ogasiti 2016 ndege ya Emirates, Boeing 777, yochokera ku Thiruvananthapuram m'dziko la India ndi anthu 300, inakhuluzika ndi mimba pa msewu ku Dubai n'kuyamba kuyaka. Kanema wojambulidwa m'katimo anaonetsa anthu akutsekula mashelefu a pamwamba kutsitsa zikwama, antchito akukuwa kuti siyani katundu, lumphani. Kunena zoona ndimawamvetsa anthu amenewa. Njira imeneyo imayendedwa kwambiri ndi anthu okagwira ntchito kunja, ndipo m'chikwamamo mumakhala pasipoti, ziphaso, mapepala a ntchito. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa kuti kunja munthu wopanda mapepala ndi theka la munthu. Koma chikwama chilichonse chimadya masekondi, ndipo masekondiwo si a mwini chikwama. Ndi a mayi wa mwana amene ali kumbuyo kwake pa mzere, mzere 30 kuchokera pakhomo, kumene utsi umayambira kufika. Mwini chikwama amatuluka ndi chikwama chake ndi moyo wake, ndipo sadzadziwa kuti ngongoleyo anamulipirira ndani.

Kuti n'zotheka kusiya, anationetsa a ku Tokyo. Pa 2 Januwale 2024 ndege ya Japan Airlines, Airbus A350, inawombana ndi kandege ka asilikali olondera m'nyanja potera pa bwalo la Haneda. Anthu asanu mwa asanu ndi mmodzi a m'kandegeko anafa. M'ndege yaikulu munali anthu 379, makomo otheka kutsekula anali atatu okha mwa asanu ndi atatu, ndipo anthu anasiya katundu wawo natuluka onse amoyo, kaputeni pomaliza, ndegeyo n'kupsa mpaka kutsala mapiko.

Ku Dubai kuja nakonso onse 300 anapulumuka, a zikwama ndi opanda zikwama omwe. Sindikuti zikwama ndizo zinabweretsa zimene zinatsatira, poti okwera anali atatuluka kale, ndipo ofufuza anadzudzulanso m'mene ntchito yozimitsa moto inayendetsedwera pamalopo. Kaputeni ndi mkulu wa antchito anali akadali m'kati kuona ngati mwatsala munthu pamene thanki yapakati inaphulika, patatha mphindi zoposa 9 ndege itaima. Awiriwo analumpha napulumuka. Chidutswa chachikulu cha phiko la kumanja chinauluka n'kugwera wozimitsa moto wa zaka 27, Jasim Issa Mohammed Hassan, ndipo ndiye yekhayo anafa pa ngozi ya ndege imene sanaikwere. Magalimoto oyamba a gulu lake anali atafika pasanathe masekondi 90 ndegeyo itaima. Pa muyeso wa Annex 14, tsiku limenelo anakhoza.